"Eya, Ndamva": Mbiri ya Wodwala ndi Wacipatala Kuno Kumalire

Aliyense amene anakhalapo pa bicha ya kucipatala, kaya ku Ntengo-Wambalame, ku Tsangano, ku Furancungo kapena kutsidya ku Ntcheu, anaonapo zimene ndikufuna kunenazi. Mayi akutuluka m'cipinda ca consulta, mwana kumsana, timapepala ta mankhwala m'manja. Akangodutsa pakhomo amayang'ana uku ndi uku kufunafuna nkhope yodziwika, ndipo akaipeza amaweramira pafupi n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Pepani, akuti tizimwa bwanji amenewa?" Komatu m'cipinda muja, atafunsidwa ngati wamva, anayankha bwinobwino kuti, "Eya, ndamva." Sikuti ananama mwadala. Anayankha mmene ankayankhira amayi ake ndi agogo ake. "Ndamva" ameneyu ali ndi mbiri yake, ndipo ndiyo ndafuna kuti tiilondole m'kabuku kano.

Cipatala cisanafike kumapiri kuno, matenda sanali nkhani ya munthu mmodzi. Wina akagona pamphasa, uthenga unkapita kwa mwini mbumba, kapena kwa akuluakulu a kucimuna malinga ndi mwambo wa banjalo, poti kuno Angoni ndi Acewa tinasakanikirana kalekale. Iwowo ndiwo ankanyamuka kupita kwa woombeza. Cofunika kucigwira apa n'cakuti kwa woombeza wodwala sankafotokoza zambiri. Nchito yonena inali ya mwini ula, abale n'kumavomereza kapena kukana, ndipo sing'anga wocurutsa mafunso ankaoneka ngati wosadziwa nchito yake. Koma akayamba kunena ankanena zonse: cimene cakugwira, kumene cacokera, zoti usale, tsiku loti ubwerenso. Nkhani inkatha kudya tsiku lathunthu. Sindikuti zonse zinali zokoma ayi. Pakamwa pomwepo ndi pamene pankaturuka mawu oloza nkhalamba kuti ndi mfiti, ndipo m'masiku a Cikuse anthu ambiri anatha ndi mwavi. Ndikungonena kuti anthu athu anazolowera wociritsa amene amadziwa yekha n'kufotokoza. Cipatala cinabwera ndi dongosolo lotembenuza: iwe wodwala ufotokoze, mwacangu, ndipo wociritsayo azilemba papepala ali cete.

Mmodzi mwa madokotala oyamba kukhala pakati pa anthu a Cikuse anali George Henry wa ku Scotland, wa mishoni ya Livingstonia, amene anamanga m'cigwa ca Livulezi, kumunsi kwa mapiri a Ntcheu, cakumapeto kwa zaka za m'ma 1880. Cimene cimandicititsa cidwi pa munthu ameneyu n'cakuti mu 1891 anaturutsa buku la malamulo a Cinyanja. Dokotala kukhala pansi n'kulemba buku la cilankhulo ca odwala ake! Caka comweco, pa 11 Juni, Angerezi ndi Apwitikizi anasainirana pangano limene linadula dziko la Amaseko pakati, Domwe kuno, Lizulu uko. Kuyambira pamenepo matenda anali amodzimodzi, malilime a odwala amodzimodzi, koma zipatala zinakhala ziwiri, cina colemba Cingerezi, cina Cipwitikizi.

Mbali yathu ino, amishoni a Dutch anatsegula Mphatso mu 1909, ndipo ankaphunzitsa ndi mabuku a Cinyanja omwe ankagwiritsidwa nchito kutsidya. Boma la Apwitikizi linawatsekera mu 1922, anthu awo n'kuyamba kuwoloka malire kukapemphera ku Mlanda, ena n'kumapitirira mpaka kucipatala ca Nkhoma. Njira yopita kukafuna thandizo ku Malawi si yadzana ayi, inapondedwa nthawi imeneyo. Akatolika anali ku Lifidzi, kenako ku Fonte Boa kuyambira 1945, ndipo ansembe ndi masisitere ambiri anaphunzira kulankhula nafe. Koma malamulo a boma a 1929, ndiponso Estatuto Missionário wa 1941, anakhazikitsa kuti sukulu iziyenda m'Cipwitikizi, cilankhulo ca eni dziko ciziloledwa pophunzitsa za cipembedzo. Conco munthu ankaulula macimo ake m'cilankhulo cake, koma akafika pamaso pa dokotala wa boma, matenda ake ankawaulula kudzera m'kamwa mwa munthu wina.

Munthu winayo Apwitikizi ankamuchula kuti língua, ndiye kuti lilime. Linali lilime la eni ake, osati la wodwala. Nkhalamba ikafotokoza kuti cinayamba nthawi yokolola, cinayambira m'msana, cinatsikira m'ciuno, usiku cimaluma ngati njoka, womasulira ankapinda zonsezo n'kuzisandutsa mawu atatu, dor de barriga. Cimene dokotala wayankha, wodwala ankalandirako nyenyeswa. Tisaiwalenso kuti mpaka 1961 lamulo la indigenato linkati ife ndife indígenas, osati nzika, ndipo m'zipatala za m'matauni azungu anali ndi zipinda zawo, ife zathu. Munthu wakumudzi ankakumana ndi wa zaumoyo kawirikawiri pa zofuna za boma lomwelo: tsiku la katemera wa nthomba, nyakwawa itasonkhanitsa mudzi wonse asipayo ali poteropo, kapena pomuyeza ngati ali ndi mphamvu zokagwira nchito ya kontalakiti. Pamalo otere sufunsa mafunso. Umati sim, senhor, ucokepo msanga. Ine ndimaona kuti "ndamva" wa lero ndi mdzukulu wa sim, senhor ameneyo.

Ufulu utabwera pa 25 Juni 1975, dziko linagwa m'manja mwa munthu amene ankadziwa fungo la m'wodi. Samora Machel anaphunzira unamwino ku cipatala ca Miguel Bombarda ku Lourenço Marques kuyambira 1954, ndipo anaona ndi maso ake mmene wodwala wakuda ankamulankhulira. Patangotha mwezi umodzi, pa 24 Julayi, boma linatenga zipatala zonse, za mishoni zomwe, n'kuthetsa zolipiritsa za madokotala apadera. Mu 1976 Samora anapita ku Hospital Central ku Maputo kukadzudzula mwano ndi ulesi wa ogwira nchito, ndipo m'mawodi munakhazikitsidwa makhonsolo momwe dokotala, enfermeiro ndi servente ankakhala pamodzi, odwala nawo n'kupatsidwa mpata wonena zakukhosi. Pa nkhani ya ulemu, imeneyi inali nthawi yoyamba boma kunena poyera kuti wodwala ali ndi pakamwa.

Koma pakamwa pa cilankhulo citi? Apa ndi pamene ufulu unatsimphina. Frelimo inasankha Cipwitikizi kuti ndico cimange dziko pamodzi, ndipo zifukwa zake zinalipo, poti malilime a Mozambique ndi ambiri. Komabe kalembera wa 1980 anapeza kuti mwa anthu anayi alionse, mmodzi yekha ndiye ankatha Cipwitikizico, ndipo ambiri mwa iwo anali amuna a m'matauni. Mayi wa ku Biri-Biri kapena wa kumapiri a Macanga sanali m'gulu limenelo. Pofuna kupha kusankhana mitundu, boma linkatumiza anchito ake kutali ndi kwawo: mwana wa ku Gaza ku Tete, wa ku Tete ku Nampula. Pamwamba pa izo, mwa madokotala oposa 500 amene analipo ufulu usanabwere, anatsala osakwana 100, ndipo malo awo anadzazidwa ndi alendo ocokera ku Cuba, ku Soviet Union, ku Italy ndi kwina, ena a iwo akuphunzira kumene Cipwitikizi comweco. M'zipatala zazikulu mawu a wodwala ankatha kudutsa m'makamwa atatu asanafike kwa wolemba mankhwala: kwa servente, kwa enfermeiro, kenako kwa dokotala. Língua uja anacoka ndi atsamunda, koma nchito yake anailowa m'malo ndi servente, munthu amene analembedwa kuti azikolopa ndi kukankha macira.

Cimene boma la nthawi imeneyo linacita bwino koposa, mwa kuona kwanga, ndi kukhazikitsa ma APE mu 1978, caka comwe maiko anakumana ku Alma-Ata n'kugwirizana kuti thandizo loyamba la zaumoyo lifike kumudzi. APE ankasankhidwa ndi mudzi, ankaphunzira miyezi ingapo, n'kubwerera kwawo ndi kabokosi ka mankhwala. Sanali dokotala, koma ankadziwa kuti uyu ndi mpongozi wa uje, kuti pakhomo apa panagwa maliro mwezi watha, kuti mayi uyu akati "mutu" akunena zina. Nthawi yomweyo asing'anga anakankhidwira kunja, nchito yawo ikuchedwa obscurantismo, mpaka pamene AMETRAMO inakhazikitsidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Anthu sanaleke kupita kwa sing'anga. Anangoleka kuwauza acipatala kuti apitako, ndipo cinsinsi cimeneco cikadalipo mpaka lero: mwana amabwera ndi mphini zatsopano pacifuwa, mayi ake n'kumati sanamwe kalikonse.

Za nkhondo sindicurutsa, poti owerenga kabuku kano ambiri anaiona. Zipatala zazing'ono mazanamazana m'dziko muno zinatenthedwa kapena kutsekedwa, ndipo enfermeiro ndi APE anali pakati pa anthu oyamba kusakidwa. Ca m'ma 1986 midzi ya Angónia, Tsangano ndi Macanga inakhuthukira ku Malawi, komwe pofika 1992 othawa nkhondo anapitirira 1,000,000. Ku Nsanje ndi kwina kunali makampu akuluakulu, koma ku Ntcheu ndi ku Dedza ambiri a ife tinangokhala m'midzi ya abale athu, ena tikuona mapiri akwathu tsiku ndi tsiku.

Ine ndinali kamnyamata nthawi imeneyo, ndipo ndimakumbukira tsiku limene ndinaperekeza agogo anga akazi ku kacipatala kena kutsidyako. Anali atandikonzekeretsa kuti ndikawalankhulire, poti ndinali nditalawako sukulu. Titalowa, mnyamata wovala zoyera anawayang'ana n'kunena kuti, "Agogo, cavuta n'ciyani?" Agogo anatembenukira kwa ine, kenako kwa iye, n'kuyamba kufotokoza okha kuyambira pa ciyambi. Pobwerera njira yonse ankangoti, "Adokotala a kuno akufunsa okha, mwanawe, okha!" Anali ndi zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, ndipo aka kanali koyamba kulankhulana ndi wacipatala popanda wapakati. Koma ndinene zonse. Patapita miyezi, pamalo pomwepo, namwino wina anawakalipira azakhali anga pamaso pa anthu kuti obwera inu mukutithera mankhwala. Azakhali analira usiku wonse. Kukalipiridwa m'Cipwitikizi kunkawawa, koma mawu ena ankakuphonya. Kukalipiridwa m'cilankhulo cako palibe liwu limene limagwa pansi. Ndinaphunzira pamenepo kuti cilankhulo ndi khomo cabe, ulemu ndi nkhani ina. Ndipotu a Malawi omwewo anali ndi zawo: pulezidenti wawo, Kamuzu Banda, dokotala weniweni, kuyambira pamene anabwerera kwawo mu 1958 ankalankhula ndi anthu ake kudzera mwa womasulira.

Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992 tinabwerera, koma cizolowezi cowoloka msewu tinabwera naco. Mpaka lero pali ana okhala ndi makhadi awiri a sikelo, lina la Cipwitikizi, lina la Cingerezi, ndipo mayi wawo sawerenga lililonse mwa awiriwo. Ena amawoloka cifukwa cipatala ca kutsidya cili pafupi, ena cifukwa kuno mankhwala atha, koma mukawafunsa bwino amayi acikulire, ambiri amanena cifukwa cina: kumene kuja ndimatha kunena cimene cikundiwawa.

Tsono tifike pa mawu enieniwo, poti vuto silithera pa Cipwitikizi ndi Cinyanja. Tengani liwu loti malungo. Kwa ife malungo ndi kuphwanya kwa thupi, kutentha, kuzizidwa, kulefuka m'mfundo. Kwa wacipatala malungo ndi malária, kacirombo ka udzudzu kamene kamaoneka akakubaya pacala. Wodwala akuti, "Ndili ndi malungo." Amuyeza, kamzere kacituruka kamodzi, n'kumuuza kuti, "Mulibe malungo." Onse awiri akunena zoona. Koma wodwalayo akuturuka ndi maganizo akuti cipatala calephera kuona cimene iye akucimva m'thupi mwake, ndipo madzulo ake akagula mapiritsi pamsika. Pakanangofunika mawu owonjezera pang'ono, akuti malungo a udzudzu mulibe, koma thupi likuwawadi, tiyeni tifufuze cina.

Za amayi ndiye zozungulira kwambiri, cifukwa mwambo wathu sulola kuchula zinthu zina ndi maina ake. Mkazi sanena kuti ali ndi mimba, amati ndi wodwala, ali ndi pakati, kapena watopa. Akati sanasambe miyezi iwiri sakunena za madzi ndi sopo, ngakhale enfermeiro wacilendo amene anatola Cinyanja cake pamsika angamve conco n'kuyamba kumulangiza za ukhondo. M'mimba ndi liwu limodzi, koma muli cifu, matumbo, cibelekero ndi cikhodzodzo. Mtima ukawawa, mwina ndi cilungulira, mwina ndi cisoni ca mwana amene anapita ku Joni osalemba kalata. Mwana akatupa mapazi ndi masaya, wacipatala amaona kuperewera kwa zakudya, pamene agogo kunyumba anena kale kuti ndi tsempho ndipo akuyang'ana bambo wa mwanayo ndi diso lofiira. Mayiyo sangachule liwu limenelo m'consulta poopa kusekedwa, conco amalandira ciponde ca mwana n'kubwerera kunyumba kumene mlandu weniweni ukumudikira, wacipatala osadziwa kanthu.

Nanga womasulira wa masiku ano ndani? Servente akatanganidwa, ndi mwana wa sukulu. Taganizani mnyamata wa quinta classe ataimikidwa pakati pa mayi ake omubereka ndi enfermeiro wamwamuna, kuti amasulire za matenda a kumalo obisika. Mayiyo adzati mutu. Adzalandira paracetamol. Adzabweranso patapita miyezi itatu zinthu zitafika poipa, n'kufunsidwa kuti munali kuti nthawi yonseyi.

Ulemu wathu womwe umatipinga. Munthu ali gone pamacira, ukamufunsa kuti muli bwanji amati, "Ndili bwino, kaya inu." Kuyang'ana pansi polankhula ndi wamkulu ndi mwambo, koma wophunzira za m'buku amati wodwalayu akubisa kanthu. Kufunsa wamkulu kuti abwereze mawu ake kuli ngati kumunena kuti sanafotokoze bwino. Ndipo mkazi akauzidwa kuti pakufunika opaleshoni n'kuyankha kuti adikire eni ake, si umbuli ayi. Akudziwa kuti zikavuta, amene adzafunsidwe pabwalo ndi amene anavomera. Amene angaganize kuti izi n'zazing'ono akumbukire zimene zinacitika ku Nampula ndi madera ena a kumpoto nthawi za kolera, pamene mawu awiri ofanana, cloro ndi cólera, anathandiza kufalitsa mphekesera yakuti a zaumoyo akuthira matenda m'zitsime, anthu n'kuwaukira amene anabwera kudzawateteza.

Codabwitsa n'cakuti amene anakakamiza cipatala kukhala pansi n'kulankhula ndi matenda oopsa koposa onse. Edzi sinkatheka kuipereka pawindo ndi timizere titatu pa kapepala. Pankafunika kutseka citseko, kufotokoza, kumvetsera, n'kufotokozanso, ndipo nchitoyo inapatsidwa kwa aphungu ndi ma activista, ambiri a iwo ana a m'dera lomwelo. M'cigawo cathu cino ca Tete ndi mmene munabadwira ma GAAC mu 2008, a Médicos Sem Fronteiras akugwira nchito ndi a zaumoyo a boma. Anthu osapitirira asanu ndi mmodzi a mudzi umodzi ankapanga gulu, mwezi uliwonse mmodzi n'kupita kukatengera onse mankhwala, kukaonana ndi wacipatala, ndi kubwera nazo nkhani. Colinga coyamba cinali kucepetsa maulendo ndi mizere. Koma cinaturukapo cina: odwala anayamba kufotokozerana okhaokha, pakhonde, m'mawu a kumudzi, zimene m'consulta zinkanenedwa mothamanga. Njirayi inafalikira dziko lonse, maiko ena n'kudzatengera. Ma APE nawo anadzutsidwanso mu 2010.

Mu 2007 boma linavomereza cikalata ca maufulu ndi maudindo a wodwala. Cimanena kuti wodwala ali ndi ufulu wouzidwa za matenda ake momveka, wovomera kapena kukana thandizo, wosungiridwa cinsinsi, ndi wodandaula. Kucokera apo tinayamba kuona gabinete do utente m'zipatala zazikulu, makomiti oyendetsa cipatala pamodzi ndi anthu a m'midzi, ndi kabokosi ka madandaulo pakhoma. Zonsezi n'zabwino, ndipo amene akuwerenga tsamba la Cipwitikizi pambalipa mwina amazidziwa kale. Funso langa ndi lakuti: cikalataco cimapacikidwa m'cilankhulo canji, ndipo kabokosiko amaponyamo kalata ndani? Amene ali ndi dandaulo lalikulu ndi yemwe uja sadziwa kulemba.

N'cifukwa cake ndimakayikira ndikamva kuti ofufuza anaima pacipata n'kufunsa oturuka ngati akhutira ndi mmene awalankhulira, ndipo ambiri anati eya. Wofunsayo wavala bwino, wanyamula pepala ndi colembera, waima pabwalo la cipatala comweco cimene mayiyo adzabwereko mwezi wamawa kudzacira. Ayankha ciyani? Mukafuna yankho lenileni pitani kucitsime madzulo, kapena ku cidikiro usiku amayi akuphika. Kumeneko mudzamva kuti uje ndi wabwino cifukwa amapereka moni, amayang'ana munthu kumaso, amagwira pamene pakuwawa. Uje ndi woipa cifukwa amayamba kulemba usanatsirize kulankhula. Kawirikawiri sachula n'komwe za mankhwala.

Ndisawalakwire anamwino athu. Munthu mmodzi amene wagona ku maternidade usiku wonse, m'mawa n'kupeza mzere wofika kumsewu, ali kutali ndi kwawo, malipiro acedwa, sangakhale ndi aliyense theka la ola ngati woombeza uja. Ambiri a iwo aphunzira Cinyanja paokha, popanda wowatuma kapena wowalipira, ndipo sukulu zawo sizinawaphunzitse n'komwe kuti malungo ndi malária si cinthu cimodzi. Zinthu zikusunthanso pang'onopang'ono. Cinyanja cinalowa m'kalasi za boma m'cigawo cino pakati pa 1993 ndi 1997, pa kuyesa kwa PEBIMO, ndipo kuyambira 2003 maphunziro a zilankhulo ziwiri anafika m'sukulu zambiri za kumidzi. Ku Tete kuli sukulu yophunzitsa anamwino ndi matécnico, ndipo UniZambeze ikuphunzitsa madokotala komweko. Ana a alimi a mbatata ya kacewere ndi fodya ayamba kubwerera kwawo atavala zoyera.

Mwezi wathawu ndinaperekeza malume anga kukatenga mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Amene tinamupeza anali mtsikana wamng'ono, kalankhulidwe kake ka ca ku Domwe. Atatha kufotokoza sanafunse kuti mwamva. Anawabwezera timapepala tija m'manja n'kunena kuti, "Agogo, tandiuzeni inuyo, mukafika kunyumba muzikamwa bwanji amenewa?" Malume anaseka, anatembenuza timapepalato kawiri, n'kuloza koyerako kuti aka ndi ka usiku. Kanali ka m'mawa. Mtsikanayo anakoka mpando wake kufupi n'kuyambiranso.